Mfuti za Boma pa Migodi ya Mkuwa

M'masiku a Northern Rhodesia, mnyamata wa m'dziko la Mfumu Zingalume ku Chadiza, akafuna ndalama za msonkho, anali kucoka pamudzi. Ambiri anatsikira ku Southern Rhodesia, ena analowa m'migodi ya mkuwa, ndipo ena a kum'mawa kuno anabvala zobvala za upolisi, pakuti Cinyanja ndico cinali cinenero ca apolisi. Cotero pa tsiku la msokonezo, wogwira mfuti ndi wogwira mwala onse anali anthu akuda. Wolamulira yekha ndiye anali Mzungu.

M'caka ca 1935 Boma linakweza msonkho wa anthu a ku migodi kucokera pa 12s. 6d. kufika pa 15s. Anthu ananyanyala nchito ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya. Pa 29 May khamu linaponya miyala pa ofesi ya komboni ku Luanshya, apolisi naomba mfuti, napha anthu 6. Bungwe lofufuza la Sir Alison Russell linataya nthawi yambiri pa mabuku a Watch Tower, ngati kuti mabuku ndiwo anakweza msonkho.

Koma tsankho linaonekera poyera m'caka ca 1940. M'mwezi wa March Azungu a pa migodi ya Mufulira ndi Nkana anaika zitsulo pansi, nafuna malipiro oonjezera, ngakhale inali nthawi ya nkhondo ndipo Britain anali kufuna mkuwa usana ndi usiku. Palibe mmodzi wa iwo amene analozedwa ndi mfuti. Akuluakulu anakhala nao pansi, nawapatsa zambiri za zimene anapempha.

Anthu akuda ataona zimenezi anati njira ndi yomweyo. Iwo anali kuyamba nchito ya pansi pa mgodi ndi 22s. 6d. pa tikiti ya masiku 30. Tsono anapempha 10s. pa tsiku, nanenanso kuti awayese ndi Azungu, aone amene angakumbe mkuwa wambiri. Kwa iwo Boma linatumiza apolisi ndi asilikali a Northern Rhodesia Regiment.

Pa 3 April ku Nkana anthu ena amene sananyanyale anaima pamzere kulandira malipiro. Onyanyala anakwiya nasonkhana pa ofesi. Apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, umene ambiri anali asanauone ndi kale lonse, ndipo m'malo mobalalika, khamu linalusa koposa niyamba kuponya miyala. Pamenepo asilikali anaomba. Anthu 13 anafera pomwepo, ndi ena 4 pambuyo pace.

Ku Mufulira, m'masiku omwewo ndi pa madandaulo omwewo, sikunafe munthu. Kumeneko onyanyala anasankha atsogoleri 17, ndipo a Boma anabvomera kulankhula nao. Atsogoleriwo ndiwo anasunga bata m'komboni. Kudziletsa kunali kotheka, ndipo amene anali ndi mfuti ku Nkana sakanati sanakuonepo, popeza anali atangokuonetsa kwa Azungu milungu iwiri yapitayo.

Bungwe la Sir John Forster litafufuza, malipiro anakwera ndi 2s. 6d. pa tikiti. Cigwirizano ca anchito akuda a m'migodi yonse cinakhazikitsidwa m'caka ca 1949, Lawrence Katilungu nakhala mtsogoleri wace, ndipo mu 1952 ananyanyala milungu itatu mwamtendere, napata malipiro oonjezera caka cotsatira.