Mmene Madokotala Adaphunzirira Kusiyanitsa Khansa ya M'mawere

Lero tikamba za khansa ya m'mawere, ndi mmene madokotala adadziwira kuti zotupa zofanana maonekedwe sizimva mankhwala amodzi.

Kale chida chinali mpeni wokha. M'chaka cha 1894, William Halsted wa ku Baltimore adalongosola njira yake yochotsa bere lonse pamodzi ndi minofu ya pachifuwa. Komabe amayi ambiri adamwalira, pakuti nthendayo inali itayenda kale m'thupi. Mu 1896, George Beatson wa ku Glasgow adaona kuti zotupa zina zimafota mayi akamchotsa ziwalo zopanga mazira. Ichi chidasonyeza kuti khansa ina imakula ndi mahomoni.

Mu 1976, Gianni Bonadonna wa ku Milan adatsimikiza kuti mankhwala atatu ophatikiza, operekedwa pambuyo pa opaleshoni, amachepetsa kubweranso kwa nthendayo. Koma mankhwalawo ankathothola tsitsi, kusanzitsa ndi kufooketsa thupi, ndipo kunali kovuta kudziwa mayi amene adafunikiradi kupirira zowawa zimenezi.

Mu 1987, Dennis Slamon wa ku Los Angeles adapeza kuti zotupa zina zaukali zili ndi jini yotchedwa HER2 yochuluka mopitirira muyeso. Pofika 1998, dziko la America lidavomereza trastuzumab, mankhwala olunjika pa zotupa zotere. Kenaka mu 2018, kafukufuku wa TAILORx, wa amayi oposa 10,000, adasonyeza kuti kuyeza majini 21 m'chotupa kumathandiza kupeza amayi ambiri osafunikira chemotherapy konse.

Khansa yovuta zedi ndi ija yosamva mankhwala a mahomoni ngakhalenso a HER2. Pa imeneyi madokotala amayamba ndi mankhwala, opaleshoni pambuyo, ndipo amapima chimene chatsala. Mu 2017, ofufuza a ku Japan ndi Korea adapeza kuti chotupa chikatsalira, mapiritsi a capecitabine amatalikitsa moyo. Mu 2021 kudavomerezedwanso pembrolizumab, wodzutsa chitetezo cha m'thupi.

Nzeru zonsezi zimayamba ndi kachidutswa ka chotupa kopimidwa mu labotale, ndipo zimathandiza kwambiri nthenda isanafalikire. Tsono, amayi, mukamva kabulu m'bere, ngakhale kosapweteka, pitani kuchipatala msanga. Inu abambo, aperekezeni.