Kanjira ka Grist Mill ndi Mbiri ya Mtsinje wa Patapsco

Anzanga, ku Maryland, m'dziko la America, kuli paki yotchedwa Patapsco Valley, yomwe inayamba mu 1907 ngati nkhalango yotetezedwa. M'menemo muli kanjira ka Grist Mill, kosalala bwino, kotsata gombe la mtsinje wa Patapsco. Ngakhale agogo atha kuyendamo osachita wefuwefu.

Komatu kale malowa sanali okapitidwako mphepo ayi. Pa Orange Grove panali chigayo chachikulu cha ufa watirigu, choyendera mphamvu ya madzi. Antchito ankakhala tsidya lina, m'mawa uliwonse n'kumawoloka pa mlatho wolendewera. Chigayocho chinapsa mu 1905, ndipo chigumula cha namondwe Agnes mu 1972 chinakokolola mlathowo. Umene alendo amajambulitsapo lero ndi womangidwanso.

Chakumtunda kunali damu la Bloede, lomwe makina ake opanga magetsi anali m'kati mwa khoma lenilenilo. Litasiya ntchito linasanduka msampha: anthu ankamira pamenepo, nsomba n'kumalephera kukwera kukaswana. Mu 2018 anayamba kuligumula.

Ndiye mukadzafikako, musadzangoyenda. Makoma amiyala mudzawaone m'tchiremo anamangidwa ndi anthu amene ankati mtsinjewu augonjetsa.