Madzi a m'nyanja pa nthawi ya mavuto: malangizo owatetezera anachokera kuti?

Amayi anzanga, makamaka inu a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay, Karonga ndi inu ozungulira nyanja ya Chilwa, lero tikambe zakale pang'ono. Nthawi zambiri azaumoyo timangoti sefani madzi, wiritsani, thirani klorini, vindikirani. Mawu amenewa mwawamva mpaka kutopa nawo. Koma malangizo onsewa ali ndi kumene anachokera, ndipo ambiri anadziwika anthu atatha kale kufa. Mukaidziwa nkhani yake, tsiku limene mjigo wamira m'madzi osefukira, mpopi wauma, kotunga kwatsala kunyanja kokha, mudzadziwa poyambira.

Tiyambire ku Goma, mzinda umene uli m'mbali mwa nyanja ya Kivu, m'dziko limene lero timalitcha DRC. Mu July 1994 anthu zikwi mazanamazana othawa nkhondo ya ku Rwanda anakhamukira kumeneko m'masiku ochepa chabe. Nthaka ya ku Goma ndi ya miyala yolimba yochokera kuphiri lophulika, moti kukumba chimbudzi kunali kovuta, ngakhale manda amene. Anthu ankadzithandiza pamtunda, ndipo madzi akumwa ankatunga m'nyanja ya Kivu, yaikulu, yooneka yoyera ngati yathuyi. Kolera inabuka, kamwazi anatsatira, ndipo m'mwezi woyamba wokha anthu pafupifupi 50,000 anamwalira. Chimodzi mwa zimene othandiza anachita chinali kuika anthu pagombe pomwepo kuti azithira klorini m'chigubu chilichonse chochoka kunyanja.

Ndayambira pamenepa chifukwa ambiri timadzilimbitsa mtima kuti nyanja ndi yaikulu, singade. Pakati pa nyanja mwina zingakhale choncho. Koma inu simutunga pakati pa nyanja. Mumatunga m'mphepete, pamene ana akusamba, pamene mnzanu akuchapa matewera, pamene asodzi akutsuka nsomba, pamenenso mvula imakokololera zonse za m'tchire ndi za m'zimbudzi zogumuka. Tizilombo ta kolera sitisintha mtundu wa madzi, sitinunkha, sitimveka pakamwa.

Kuti kolera imayenda m'madzi, anthu anachedwa kukhulupirira. Ku London m'chaka cha 1854 akuluakulu ambiri ankati matendawa amabwera ndi mpweya woipa. Dokotala wina, John Snow, analemba nyumba zimene munachitika maliro ndipo anapeza kuti zambiri zinkatunga pa mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Anapempha kuti chogwirira cha mjigowo chichotsedwe. Panapita zaka pafupifupi 30 kuti Robert Koch wa ku Germany asonyeze kachilombo kake, atafufuza ku Egypt ndi ku India mu 1883 ndi 1884. Kuno kwathu kolera inafika mu 1973, itayambira ku Indonesia mu 1961 n'kulowa mu Africa mu 1970. Choncho agogo athu akamati kale ankamwa za m'nyanja osadwala matendawa, sakunama. Kungoti nthawi imeneyo kolera inali isanafike, komanso anthu m'madoko anali ochepa.

Phunziro limene ine ndimaliona lofunika kuposa onse linachokera konkuno, ku Nsanje. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, abale athu pafupifupi 1 miliyoni anathawira m'dziko muno, ndipo msasa wina waukulu unali wa Nyamithuthu. Kolera itavuta pamsasapo mu 1990, ofufuza anapeza kuti mabanja amene ankapisa manja m'ziwiya zosungira madzi ndi amene ankadwala kwambiri. Mu 1993 ofufuza ena, motsogozedwa ndi Les Roberts, anayeza madzi potuluka pamjigo ndipo anawapeza abwino. Atayezanso omwewo ali m'ndowa, anapeza kuti aipa kale. Chinkawaipitsa ndi manja a otunga. Taganizani mmene timachitira tonsefe: kutsuka ndowa ndi dzanja, kugwira pamlomo posenza zala n'kulowa m'madzi, kuika masamba pamwamba kuti asatayike, kenako kunyumba aliyense n'kumatunga ndi kapu imene wangoitola pansi.

Ofufuzawo anagawira mabanja ena ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro ndi kamlomo kotsanulira, yoti dzanja silingalowe. Sanathiremo mankhwala aliwonse. M'ndowa zimenezi tizilombo ta m'chimbudzi tinachepa ndi 69 pa 100 aliwonse, ndipo ana osakwana zaka zisanu a m'mabanjawo anatsegula m'mimba mocheperako ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Zimene anapeza ku Nyamithuthu zinafalitsidwa m'magazini ya bungwe la WHO mu 2001, ndipo mpaka lero akatswiri a zamadzi amazitchula. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti mutha kutentha nkhuni mtolo wonse kuwiritsa madzi, koma mukawasunga mumtsuko wotsegula umene ana akupisamo, ntchito yonse ija yapita pachabe. Chigubu cha kukamwa kopapatiza, kapena chidebe chokhala ndi kampopi, chimaposa mtsuko pa nthawi ya mliri. Ngati muli ndi mtsuko wokha, uvindikireni, ndipo pakhale chikho chimodzi cha mpini wautali chotungira basi, chosamwera, chopachikidwa pamwamba.

Zosefa ndi nsalu zinatsimikizidwa ku Bangladesh, dziko la mitsinje ndi maiwe kumene kolera imabwera chaka ndi chaka. Katswiri wina wamayi, Rita Colwell, pamodzi ndi Anwar Huq ndi anzawo, anaona kuti tizilombo ta kolera timamatirira ku tizamoyo tating'ono toyandama m'madzi. Kachilombo pakokha kamadutsa nsalu iliyonse, koma tizamoyo timeneti timakodwa. Anaphunzitsa amayi a m'midzi 65 ya dera la Matlab kupinda nsalu yawo yovala kanayi n'kuimanga kukamwa kwa mtsuko potunga. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2003, zinasonyeza kuti kolera inatsika ndi pafupifupi theka. Chosangalatsa n'chakuti nsalu yakale, yochapidwa kambirimbiri, inkasefa bwino kuposa yatsopano, poti ulusi wake umakhala utafewa n'kutseka timipata. Chitenje chanu chakale cha thonje, chochapa bwino, chingagwire ntchito imeneyi. Mukasefa, muzichitsuka ndi madzi otetezedwa n'kuchiyanika padzuwa chiume. Koma onani bwino: theka ndi theka basi. Nsalu ndi poyambira, si pomalizira.

Madzi akakhala amatope kwambiri, monga zimakhalira mtsinje ukasefukira m'nyanja, asiyeni adikhe usiku wonse, m'mawa mutsanule apamwamba pang'onopang'ono. Amayi a ku Sudan okhala m'mbali mwa mtsinje wa Nile akhala akugwiritsa ntchito njere za chammwamba kuti matope atsike msanga, ndipo njirayi inayesedwanso kuno kwathu, pamalo oyeretsera madzi a ku Thyolo, koyambirira kwa zaka za m'ma 1990. Mumasenda njere zouma, kusinja, kusungunula ufawo m'madzi pang'ono, kuthira m'ndowa n'kutakasa, kenako kudikira ola limodzi kapena awiri. Madzi amayera m'maso ndithu, koma tizilombo tina timatsalamo, ndiye musamwe musanawiritse kapena kuthira klorini.

Klorini nayo ili ndi mbiri yake. Mzinda wa Jersey City ku America unayamba kuthira klorini m'madzi ake tsiku ndi tsiku mu 1908, dokotala John Leal ndi amene anatsogolera. Kunali okayika ambiri, ndipo nkhani ya madzi amenewo inakambidwa mpaka m'khoti. Mizinda ina itatengera, matenda a tayifodi anatsika kwambiri. Koma kwa zaka zambiri klorini inkafika kwa okhala ndi mipopi okha. Maganizo oika klorini m'kabotolo koti mayi athire yekha kunyumba anakula kolera itabuka ku Peru mu 1991 n'kufalikira ku South America. Bungwe la CDC la ku America ndi anzawo anayesa njirayi ku Bolivia, kenako inafika ku Africa. Ku Malawi WaterGuard anayamba kupezeka mu 2002, dziko litangodutsa mu mliri wa 2001 mpaka 2002, umene unadwalitsa anthu oposa 33,000 n'kupha pafupifupi 1,000, m'chaka chomwe chija cha njala.

Kagwiritsidwe kake si kovuta. Kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard m'chidebe cha malita 20 cha madzi oyera, kutakasa kapena kukhutchumula, kuvindikira, n'kudikira mphindi 30. Madzi akakhala kuti akadali otuwa ngakhale mwasefa, muyezo umawirikizidwa kawiri, chifukwa matope amadya mphamvu ya klorini isanafike pa tizilombo. Ichi ndi chifukwa chake kusefa kumayamba. Klorini wosungunula kale amene alangizi a zaumoyo amagawa m'midzi, komanso timapilitsi tothira m'madzi, zili ndi miyezo yakeyake, ndiye funsani mlangizi wanu kapena werengani papaketi, osayerekeza ndi maso. Ndikudziwa kuti abambo ena amakana madziwa ati akununkha mankhwala. Kafungo kakang'ono kaja ndi umboni woti klorini yatsalamo ndipo ikutetezabe madziwo m'chidebe, chinthu chimene madzi owiritsa alibe. Sungani botolo pamthunzi, patali ndi ana.

Kuwiritsa ndiko kumapha tizilombo tonse toyambitsa kutsegula m'mimba, kuphatikizapo tina tolimba timene klorini imatilephera. Madzi abwate kwenikweni kwa mphindi imodzi yathunthu, osati kungofunda, ndipo azizire ali chivindikirire mumphika momwemo. Vuto lake tonse tikulidziwa: kumsasa nkhuni zimakhala zonyowa, makala okwera mtengo. Zikatero, owiritsawo apite kwa mwana wamng'ono, mayi woyembekezera ndi wodwala, ena onse amwe a klorini. Pakasowa zonse ziwiri, dzuwa limathandiza. Njira imeneyi inayambira ku Beirut, kumene Aftim Acra anaifufuza m'zaka za m'ma 1980, ndipo akatswiri a ku Switzerland anaipititsa patsogolo. Thirani madzi osefa bwino m'mabotolo apulasitiki oonekera mkati, osapitirira malita awiri, n'kuwagoneka padenga lamalata kwa maola 6 dzuwa likuswa mtengo. Kukakhala mitambo pamafunika masiku awiri, ndipo mvula ikamagwa tsiku lonse njirayi musaidalire.

Inu a ku Chilwa muli ndi nkhani yanuyanu. Nyanjayi ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo asodzi amakhala miyezi pa zimbowela, kumwa ndi kudzithandiza m'madzi omwewo. Kolera yabuka kumeneko kambirimbiri, moti mu 2016 kunachitika kampeni ya katemera wakumwa kwa asodzi ndi anthu a m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Katemera amateteza ndithu, ndipo akabwera m'dera lanu kalandireni, koma mphamvu yake imatha pakapita zaka zochepa, komanso sateteza ku kamwazi kapena tayifodi. Dziwaninso kuti kuwiritsa ndi klorini sizichotsa mchere, mafuta a injini kapena mankhwala a m'munda. Madzi obiriwira ndi ndere zoyandama, kapena a pamalo pamene pafa nsomba zambiri, asiyeni, katungeni kwina.

Mliri waukulu kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino ndi umene tonse tikuukumbukira. Unayambira ku Machinga mu March 2022, namondwe Ana atawononga zimbudzi ndi mijigo kuchigawo cha kummwera. Kale kolera inkatha mvula ikasiya, koma ulendo uno inapitirira chilimwe chonse, n'kukwera m'madoko a m'mbali mwa nyanja mpaka kumpoto, kenako kulowa m'mizinda. Pa 5 December 2022 boma linalengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo, mu January 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo mu March namondwe Freddy anabwera pamwamba pa zonsezo. Anthu oposa 59,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Chitenje, chidebe chovindikira, moto ndi klorini zonse zinali zodziwika kale nthawi imeneyo. Chimene chinkasowa m'makomo ambiri ndi kukhala nazo pafupi vuto lisanafike. Mvula isanayambe, patulani chitenje chimodzi chosefera, chigubu chimodzi cha madzi akumwa okha, botolo la klorini, sopo ndi mapaketi angapo a Thanzi ORS, muziike poti mungazinyamule pothawa.

Wina akayamba kutsegula m'mimba kwamadzimadzi, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ayambe kumwa nthawi yomweyo, azimwabe m'njira popita kuchipatala. Kolera imatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa, ndiye musadikire kuti kuche. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Madzi otsukira mbale zodyera, osamba m'manja ndi otsukira zipatso akhalenso otetezedwa. Osamba m'thupi, ngati mwatunga pagombe pamene pali nkhono, asiyeni m'chidebe masiku awiri musanasambitse ana, chifukwa tizilombo ta likodzo timalowera pakhungu ndipo timafa tokha tikasowa munthu kwa nthawi imeneyo.