Wenela, Theba ndi Adimaki: Kufupikitsa Mawu Sikunayambe Lero

Aphunzitsi anzanga ambiri amadandaula kuti ana a masiku ano akuwononga chilankhulo ndi kalembedwe kodula mawu ka pafoni. Ine monga mphunzitsi wa mbiri yakale ndati ndikukumbutseni kuti khalidweli silinabwere ndi foni. Agogo athu ndiwo anali akatswiri ake.

Tiyambe ndi Wenela. Lero mukatchula dzinali ku Blantyre, anthu amaganiza za depoti ya mabasi. Koma gwero lake ndi Witwatersrand Native Labour Association, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya golide ku Joni. Chidule chake chinali WNLA, zilembo zokanika kutchula. Anthu anangoikamo mavawelo, n'kutuluka Wenela.

Mu 1974 ndege ya bungweli inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo anafa. Zitatero Dr Kamuzu Banda analetsa kutumiza anthu kumigodiko. Pamene ulendowu unayambiranso mu 1977, bungwelo linali ndi dzina latsopano, The Employment Bureau of Africa, mwachidule TEBA. Ife tinati Theba.

N'chimodzimodzinso ADMARC, yomwe inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971. Mlimi sanavutike ndi Chingerezi, anangoti Adimaki. Nawo matenda a AIDS, omwe anapezeka koyamba m'Malawi muno mu 1985, tinawatcha Edzi, ndipo ndi mmene timalembera mpaka m'mabuku.

Komabe tisamale, si liwu lililonse lomwe ndi chidule. Ena amati boma ndi British Overseas Military Administration. Si zoona. Boma ndi liwu la Chiswahili lotanthauza mpanda kapena linga, ndipo linalipo atsamunda a ku Britain asanayambe kulamula kuno.

Nanga za pafoni zinabwera bwanji? Uthenga woyamba wa SMS unatumizidwa ku Britain mu 1992. Uthenga umodzi unkalola zilembo 160 zokha, kupitirira apo umalipira kawiri. Komanso pa mafoni akale aja, kuti ulembe "s" umayenera kudina batani la 7 kanayi. Ndiye wolemba "b4" kapena "coz" ankapulumutsa mayunitsi ndi chala chomwe. Pa WhatsApp vutoli palibenso, koma chizolowezi chinatsala.

Phunziro lomwe ndikutolapo ndi lakuti chidule chimavomerezeka pamene wolemba ndi wowerenga onse akuchidziwa. Bambo akati akupita ku Wenela, mudzi wonse unkamva. Koma wochonga mayeso a MSCE si mnzako wa pafoni, ndipo "coz" mu chimangirizo amadya malikisi omwe mwana wawavutikira zaka zinayi. Choncho m'malo mongokalipa, tiwaphunzitse anawa kufunsa kuti, "Kodi awerenge izi ndani?" Tiwazolowezenso kulemba dzina lonse koyamba, chidule pambuyo.

Ndipo pali china chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa malikisi. Chidule chikakhazikika, dzina lenileni limaiwalika, mbiri yake n'kupita nalo limodzi. Ndi angati omwe amakwera basi pa Wenela akudziwa za amuna omwe ankasiya mabanja kupita kumigodi, ena osabwererako?

Inu amene munadutsa m'manja mwanga, kafunseni agogo kumudzi za Theba akadali moyo. Aphunzitsi anzanga, mawa yesani kufunsa kalasi lanu kuti MANEB ndi chidule cha chiyani, mudzandiuze kuti akweza mkono ndi angati.