Chiyambi cha Malangizo a Kapimidwe ka Khansa ya M'mawere

Kale madokotala ankazindikira khansa ya m'mawere pokhapokha chotupa chitakula mpaka kumveka ndi dzanja. Kawirikawiri nthendayo inali itafalikira kale m'thupi, ndipo amayi ambiri ankafa nayo.

M'chaka cha 1913 dokotala wa ku Berlin, Albert Salomon, anajambula ndi X-ray mawere ochotsedwa pa opaleshoni, naona kuti chotupa chimaoneka pa chithunzi. Koma funso lalikulu linatsala: kodi kujambula amayi amene sakumva kudwala kungapulumutse moyo? Dokotala aliyense anali ndi ganizo lake, koma ganizo si umboni.

Tsono mu 1963, ku New York, Philip Strax, amene mkazi wake anamwalira ndi nthendayi, anayamba kufufuza pamodzi ndi Sam Shapiro ndi Louis Venet. Anatenga amayi pafupifupi 62,000 a zaka 40 kufikira 64, nawagawa m'magulu awiri mochita maere. Gulu loyamba linaitanidwa chaka ndi chaka kukapimidwa ndi kujambulidwa. Lachiwiri linakhala monga mwa masiku onse. Maerewo anali ofunika, pakuti anachititsa magulu awiriwo kukhala ofanana, kusiyana kwake n'kukhala kupimako basi. Patapita zaka anawerenga maliro, napeza kuti m'gulu loyamba imfa za nthendayi zinachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ku Sweden, László Tabár anapeza zofanana mu 1985.

Boma la Britain linapatsa Sir Patrick Forrest ndi anzake ntchito yosanthula umboniwu. Iwo anapereka lipoti mu 1986, ndipo mu 1988 boma linayamba kuitana amayi a zaka 50 kufikira 64 kamodzi pa zaka zitatu.

Komabe kupima kuli ndi zowawa zake. Nthawi zina chithunzi chimaopseza mayi wopanda nthenda. Nthawi zina chimapeza chotupa chimene sichikanamuvulaza moyo wake wonse, iye nachitidwa opaleshoni pachabe. Mu 2012 bungwe lotsogozedwa ndi Sir Michael Marmot linayerekeza kuti pa mayi mmodzi wopulumuka, atatu ena amalandira chithandizo chimene sichinali chofunika. Linaweruza kuti kupima kupitirire, koma amayi aziuzidwa mbali zonse ziwiri.

Motero opanga malangizo amaika ubwino ndi zowawa pa sikelo, ndipo umboni ukasintha nawonso amasintha. Ku America bungwe la akatswiri linanena mu 2009 kuti amayi ambiri ayambe pa zaka 50. Mu 2024 linatsitsa kufika pa zaka 40.

M'maiko amene makina ojambulira ndi ochepa, monga Malawi, bungwe la World Health Organization limalangiza njira ina poyamba: mayi akamva chotupa m'bere, asadikire kuti chipweteke, koma apite msanga kuchipatala.