Konveta yotsitsa magetsi ndi vuto la magetsi obwerera

Konveta yotsitsa magetsi ndi kachipangizo kolandira mavoti ambiri n'kutulutsa ochepa, monga kuchoka pa mavoti 12 a batire kufika pa 5 amene foni imafuna. M'midzi ya ku Chileka ndi ku Lirangwe, m'boma la Blantyre, kachipangizoka n'kothandiza kwa mabanja ndi ochajitsa mafoni amene amadalira sola chifukwa magetsi a ESCOM sanawafike.

Magetsi amayenera kudutsamo njira imodzi yokha. Vuto limayamba mbali yotulukira ikakhala ndi mavoti ambiri kuposa yolowera, makamaka konveta ikaikidwa pakati pa sola ndi batire. Dzuwa likalowa sola imafooka, ndipo batire imakankhira magetsi m'mbuyo kudzera mu diode ya mkati mwa transistor ya mu konveta yotchedwa MOSFET. Magetsi obwererawa akakhala ochepa amangodya batire usiku. Choopsa kwambiri ndi pamene mawaya olowera agundana, poti batire imatha kutulutsa magetsi ochuluka nthawi imodzi. Transistor imatentha n'kupsa, ndipo pabodi ya konveta pamatsala banga lakuda ndi fungo la pulasitiki wopserera.

Chitetezo chake n'chosavuta. Diode ya Schottky yoikidwa pa waya wopita ku batire imatseka njira yobwerera, ngakhale imadya mavoti pafupifupi 0.3 mpaka 0.5. Fyuzi iyenera kukhala pafupi ndi batire. Pochaja batire ndi sola, chipangizo choyenera ndi kontolola yopangidwira ntchitoyo, ndipo polumikiza, batire imayamba, sola pambuyo.