Makala Osefera

Makala osefera, odziwikanso kuti activated carbon, ndi makala okonzedwa mwapadera kuti akhale ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Samwa zinthu monga limachitira thonje. M'malo mwake, mpweya kapena madzi akamadutsa, fungo, utoto ndi ziphe zina zimamatirira m'makoma a timabowoto.

Kapangidwe. Amapangidwa kuchokera ku nkhuni, malasha kapena zigoba za kokonati. Zimenezi zimawotchedwa pamalo opanda okosijeni, kenako amazidutsitsa nthunzi yotentha madigiri 800 mpaka 1,000 kuti timabowo titseguke. Makoma a timabowo ta galamu imodzi atawayala akhoza kukuta malo oposa masikweya mita 500.

Mbiri. Mu 1773, Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anaona kuti makala amagwira mpweya. Mu 1915, pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, Nikolay Zelinsky wa ku Russia anapanga chophimba kumaso chokhala ndi makalawa, choteteza asilikali ku mpweya wapoizoni.

Ntchito. Amachotsa klorini ndi fungo m'madzi akumwa, amayeretsa shuga, komanso amagwira golide wosungunuka m'migodi. Kuchipatala amamwetsa munthu amene wamwa poizoni, ndipo amathandiza kwambiri ola limodzi lisanathe.

Chenjezo. Sagwira bwino mowa, mchere kapena asidi, ndipo sapha tizilombo toyambitsa matenda. Timabowo tikadzaza, makalawo ayenera kusinthidwa kapena kuwotchedwanso. Makala ophikira pambaula sangalowe m'malo mwake pochiza munthu.